Kuphunzitsa hatchi yongoyamba kumene: chida chiti, liti, ndipo chimangidwe bwanji

Mukalowa m'chipinda chosungiramo zida pa khola la mahatchi, kaya ndi ku Summerveld kufupi ndi Durban, ku Randjesfontein kufupi ndi Johannesburg, ku Lusaka, ngakhale ku Zomba ndi ku Kande, mudzapeza khoma lonse litadzaza zingwe, malamba ndi tizitsulo. Munthu wongoyamba ntchito amayesa kuti zonsezo ziyenera kukwera pa hatchi. Ayi ndithu. Hatchi yongoyamba sukulu imafuna zida zochepa, zoikwana bwino, ndipo izilandire chimodzichimodzi. Anzathu ambiri ogwira ntchito m'makola ndiwo amamanga zidazi m'mawa uliwonse ngakhale wokwera ali wina, choncho dzanja lawo ndilo limayamba kukonza kapena kuwononga hatchiyo.

Musanatsitse kanthu pa msomali, dziwani mmene hatchi imaphunzirira. Imaphunzira pa nthawi yeniyeni imene mwaleka kuikanikiza. Mukakoka chingwe pang'ono, iyo n'kuponda phazi limodzi kubwera kwa inu, inu n'kulekerera pomwepo, m'mutu mwake mumalowa kuti njira yothana ndi kukokako ndi kubwera kutsogolo. Mukachedwa kulekerera, kapena osalekerera n'komwe, imayesa njira zina: kulimbana nanu, kuimirira ndi miyendo yakumbuyo, kapena kungouma gwa. Ndiye chida chilichonse chimene titchule m'munsimu muzichifunsa funso limodzi: hatchi ikachita chimene ndikufuna, kodi chidachi chikhwefuka? Ngati sichikhwefuka, chibwerere pa msomali.

Choyamba: zaka, mano ndi msana

Mafupa a hatchi amakhwima kuyambira pansi kukwera m'mwamba. A m'maondo amakhala atakhwima ikamafika zaka 2 kapena 2 ndi theka, koma a msana ndi a khosi amachedwa mpaka zaka 5 kapena 6, ndipo pamenepo m'pamene pamakhala chishalo ndi munthu. N'chifukwa chake mahatchi okwera wamba, olumpha ndi a dressage (masewera oonetsa kayendedwe kaluso pomvera wokwera) amayamba kukweredwa ali ndi zaka 3 kapena 4. Ku Spanish Riding School ya ku Vienna, mahatchi amphongo a mtundu wa Lipizzaner amafika kuchokera ku Piber, famu imene amabadwirako, ali ndi zaka pafupifupi 4. A mpikisano wa liwiro okha ndiwo amayamba msanga, ali ndi miyezi pafupifupi 18, kuti akapikisane ali ndi zaka 2. Ndipo samalani ndi zaka za pa pepala. Ku South Africa mahatchi a mpikisano onse amawerengedwa kuti akwanitsa chaka pa 1 Ogasiti, moti yobadwa mu Novembala imatchedwa ya chaka chimodzi ili ndi miyezi 9 yokha. Funsani tsiku lenileni limene inabadwa.

Kenako itanani dokotala wa ziweto aone m'kamwa. Pakati pa zaka 2 ndi theka ndi 4 ndi theka hatchi imakhala ikugulula mano aubwana, nkhama zili zowawa, ndipo nthawi yomweyo m'pamene ife timafuna kuikamo chitsulo. Mahatchi ambiri alinso ndi timano ting'onoting'ono totchedwa wolf teeth, tomera kutsogolo kwa mano otafunira, malo omwe bit, chitsulo cha m'kamwa chija, imagunda. Dokotala amatizula ngati tikusokoneza, n'kupala nsonga zakuthwa za mano ena. Hatchi yopukusa mutu chifukwa cha dzino simungaichiritse ndi lamba.

Onaninso kalendala ya katemera. Ku South Africa katemera wa African horse sickness, matenda ofalitsidwa ndi tintchentche toluma madzulo ndi m'bandakucha, amabayidwa pakati pa 1 Juni ndi 31 Okutobala, kawiri, motalikirana masabata 3. Hatchi yaing'ono imene yangobayidwa isagwire ntchito yotopetsa. Gwirizanani ndi dokotala kuti masiku a katemera asagundane ndi masiku oyamba kukwera.

Chachiwiri: halter ndi chingwe chamanja

Apa sitichedwapo, koma osalumpha. Ili ndi halter yokha, chapamutu chopanda chitsulo cha m'kamwa, hatchi idziwe kuyenda pambali panu, kuima, kubwerera m'mbuyo, kusuntha chiuno mukaikankha pang'ono ndi chala, ndi kupereka phazi lililonse. Chitani zimenezi mbali zonse ziwiri. Tinazolowera kuchita zonse titaima kumanzere kwa hatchi, ndipo zotsatira zake ndi hatchi imene imadabwa ikaona munthu kumanja kwake. Igwireni paliponse pamene zida zidzakhudze: kumimba kuseri kwa miyendo yakutsogolo, kuseri kwa makutu, m'mbali mwa milomo, pansi pa mchira. Isisiteni ndi chikwapu thupi lonse mpaka ileke kuchiopa, chifukwa chikwapucho chidzakhala cholozera, chotalikitsa mkono wanu.

Poimanga, musamange chingwe ku chitsulo mwachindunji. Pangani kalupu ka chingwe cha mabelo a udzu n'kumanga pamenepo, kuti ikadzidzimuka kaduke kachingweko. Halter ya chingwe chopyapyala chokhala ndi mfundo ndi yabwino pophunzitsa chifukwa hatchi imaimva msanga, koma siduka, choncho si yomangira hatchi kapena kuisiya nayo mumpanda.

Chachitatu: kuizungulitsa pa lunge

Pakufunika cavesson, yomwe ndi chapamutu cholimba chokhala ndi mphete zitatu pamphuno, chingwe choizungulitsira chotchedwa lunge, chotalika mamita 8 mpaka 10, chikwapu chachitali, ndi mabuti oteteza miyendo ya hatchi, popeza yaing'ono imadziponda yokha ikamakhota. Inu valani magolovesi, chipewa cholimba ndi nsapato zotseka. Chingwe chotsala muchipinde n'kuchigwira m'dzanja. Musachikulunge kudzanja ngakhale tsiku limodzi, pakuti hatchi yolemera makilogalamu 450 ikathawa imapita ndi zala.

Cavesson ikhale pa fupa la mphuno, zala ziwiri kutsika kuchokera pa nsonga ya fupa la tsaya. Imangidwe mokwanira kuti isatembenuke, ndipo kalamba ka pansi pa nsagwada kagwire bwino, apo ayi lamba wa kutsaya lakunja amasendera n'kukhudza diso. Kolani chingwe ku mphete yapakati. Ena amakola ku bit chifukwa n'kwachidule, koma kulemera kwa chingwe chonsecho kumathera pa nkhama za hatchi imene sinadziwe n'komwe tanthauzo la bit.

Tsiku loyamba khalani awiri. Inu muime pakati, mnzanu ayende ndi hatchi pa mzere wozungulira, inu muzilankhula, iye azithandiza kuti hatchi ichite chimene mwanena. Pang'onopang'ono mnzanuyo azitalikira mpaka achoke. Imani moyang'anizana ndi pamimba pa hatchi, chingwe chiloze kumutu, chikwapu chiloze kumiyendo yakumbuyo. Mukapitirira n'kufika kutsogolo kwa phewa lake mwaitsekera njira, iima kapena itembenuka kukuyang'anani, ndipo vuto si lake.

Pa mawu, gwiritsani ntchito omwewo amene wokwera adzagwiritse. Ngati pakholapo amati walk on (yenda), trot (thamanga pang'ono) ndi whoa (ima), nenani zomwezo, ngakhale pamene muli nokha mumacheza nayo m'Chichewa. Chimene hatchi imagwira kwambiri ndi kakwezedwe ka mawu: ofulumiza akhale aafupi ndi okwera, oimitsa akhale otalika ndi otsika.

Bwalo likhale lalikulu, mamita 15 mpaka 20 kuchoka mbali ina kufika ina. Kuzungulira pang'ono kumapotokola mfundo za miyendo zomwe zikadali zanthete, ndiye ngati chingwe chafupika, yendani nayo inuyo. Yambani ndi mphindi 10, ndipo ngakhale itazolowera musapitirire 20, mukusintha mbali mphindi 5 zilizonse. Kuyenda ndi trot n'zokwanira masabata oyambawa. Canter, kuthamanga koposa trot, ibwere hatchi ikatha kusunga bwalo osagwera m'kati kapena kukukokerani kunja. Lunge si yotopetsera hatchi kuti ifatse. Mukamaithamangitsa tsiku ndi tsiku kuti ithe mphamvu, mukungoiwonjezera mphamvu, ndipo mwezi wamawa idzafuna nthawi yowirikiza.

Chachinayi: roller

Roller ndi lamba wamkulu wozungulira chifuwa, wokhala ndi mphete m'mbali. Ndiye amayamba kuiuza hatchi kuti pali chinthu chimene chidzaigwire pamimba osachoka. Yambani ndi chingwe chamanja: chiponyeni pamsana, gwirani nsonga zonse ziwiri, kungani pang'ono, lekererani, kungani, lekererani. Ikasiya kusamala nazo, ikani numnah, kansalu kochindikala koyala pamsana, kenako roller pamwamba pake. Chitirani zimenezi m'bwalo lotchinga lokhala ndi mchenga, osati m'khola mopanikizika momwe mulibe kothawira.

Kolani kaye lamba wodutsa kutsogolo kwa chifuwa, woletsa roller kusendera kumbuyo, musanamange wa pamimba. Roller yokhwefuka ikasendera kumbuyo n'kufika m'chiuno, hatchi imadumpha mwamisala, ndipo mantha a tsiku limenelo amatenga miyezi kuti achoke. Mangani bowo limodzi, yendetsani hatchi mapazi angapo, bowo lina, yendetsaninso. Imene ikuvina ndi kufwenthera sindiiopa kwenikweni. Yoopsa ndi imene yaima njo, yagwira mpweya, msana watukumuka, maso ali tong'o. Imeneyo musawonjezere bowo, iyendetseni mokhotakhota mpaka ipume. Mukaitulutsa pa lunge n'kuyamba kuponya mateche, musaiimitse ndipo musaikalipire, ingoipititsani kutsogolo. Ikazindikira kuti lambayo sachoka komanso sapweteka, imaleka yokha, kawirikawiri pa masiku ochepa.

Chachisanu: bit

Pakati pa mano akutsogolo ndi otafunira pali mpata wopanda mano, fupa lokutidwa ndi kakhungu kopyapyala. Bit imagona pamenepo ndi pa lilime. Kwa hatchi yaing'ono tengani bit ya mtundu wa snaffle wamba, yopindika pamodzi kapena pawiri yokhala ndi kachidutswa kosalala pakati. Ine ndimakonda ya full cheek, yokhala ndi timitengo tachitsulo m'mbali, chifukwa sidutsa m'kamwa mukakoka mbali imodzi ndipo imakankha tsaya pang'ono kuthandiza hatchi kumva zokhota. Ma Thoroughbred ambiri, mahatchi a mpikisano wa liwiro aja, amakwana ya masentimita 12.5, koma yezani: itulukire pafupifupi theka la sentimita mbali iliyonse. Kunenepa kwake kukhale mamilimita 14 mpaka 16. Kale tinkauzidwa kuti yonenepa kwambiri ndiyo yachifundo, koma m'kamwa mwa hatchi lilime linadzaza kale, ndipo chitsulo chachikulu chimangoilepheretsa kutseka pakamwa.

Chotsani zingwe zowongolera pa bridle, chapamutu chogwira bit, talikitsani malamba a m'masaya bowo limodzi kapena awiri, pakani bit uchi kapena molasesi pang'ono. M'nyengo yozizira, makamaka ku Gauteng, ifunditseni kaye m'manja. Lowetsani chala chachikulu pakona ya mlomo pomwe palibe mano, hatchi iyasamula, inu n'kukweza bridle ndi dzanja lakumanja. Musakankhe chitsulo pa mano. Mukadutsitsa makutu, fupikitsani malamba mpaka pakona ya mlomo paoneke khwinya limodzi kapena awiri. Ikatsika kwambiri hatchi imaphunzira kuika lilime pamwamba pake, chizolowezi chovuta kuchithetsa. Povula dikirani iyasamule ilavule yokha. Mahatchi ambiri okweza mutu povala bridle anagundidwapo mano povula.

Masiku oyamba ingovala kwa mphindi 10 kapena 15, inu mukuiyendetsa ndi cavesson, osakhudza bit n'komwe. Itafuna, itulutsa thovu, isewera ndi lilime. Zisiyeni, zimatha.

Za lamba wa pamphuno ndiyenera kulankhula molimba. Pakati pa lambayo ndi fupa la mphuno, kutsogolo kwenikweni osati m'mbali mofewa, pazilowa zala ziwiri. Bungwe la FEI, loyang'anira masewera a mahatchi padziko lonse, linayamba mu 2025 kuyeza zimenezi pa mipikisano yake ndi kachida kapadera, chifukwa kumangitsa kunafika poipa. Hatchi ipuma ndi mphuno yokha, singapumire m'kamwa, ndiye lamba wotsika amene wagona pa mbali yofewa ya mphuno amaitsekera mpweya. Ndipo hatchi yaing'ono ikamayasamula, ikukuuzani kuti china chikuipweteka, dzino, bit kapena dzanja. Mukaimanga pakamwa mwangoitseka mawu, chopwetekacho chikadalipo.

Chachisanu ndi chimodzi: ma side rein

Apa m'pamene mahatchi ambiri amawonongekera, ndiye tichedwepo. Ma side rein ndi malamba awiri ochoka pa roller kupita ku bit, ena okhala ndi mphira pakati. Ntchito yawo ndi kuipatsa hatchi chinthu chodekha choti ichikhudze ndi pakamwa, ngati manja a wokwera amene sagwedezeka. Ambiri amawatenga ngati chopindira khosi kuti hatchi ioneke bwino pa chithunzi. Khosi lopindika bwino la hatchi yophunzira limachokera kumbuyo: miyendo yakumbuyo imalowa pansi pa mimba, msana umakwera n'kumasuka, khosi n'kugwa lokha kufunafuna bit. Mukayambira kumutu, mupeza khosi lopindika, msana wolowa pansi, miyendo ikukwakwaza kumbuyo, ndipo hatchiyo idzavutika ndi msana ikadzanyamula munthu.

Musawakole mpaka hatchi izitha kuyenda ndi kuchita trot pa lunge mbali zonse, ikumvera mawu, itavala roller ndi bit mosadandaula. Tsikulo likafika, yambani kuizungulitsa popanda kanthu kwa mphindi 5 kuti thupi litenthe. Kenako kolani ku mphete za m'mbali mwa roller, pa msinkhu wa pakati pa phewa, ndipo ulendo woyamba kolani ku mphete za cavesson m'malo mwa bit. Akhale aatali moti hatchi siikuwamva. Kolani wakunja poyamba, kenako wam'kati, ndipo mukangomaliza ipititseni kutsogolo nthawi yomweyo. Hatchi yoima imene yakweza mutu n'kupeza kuti yagwidwa imabwerera m'mbuyo, imanyamuka, ndipo imatha kugwa chagada. Ngoziyi imapha mahatchi.

Fupikitsani bowo limodzi pakapita masiku angapo, mbali zonse mofanana, kenako musamukire ku bit. Malire ake ndi awa: yerekezani mzere wowongoka wotsika kuchokera pachipumi cha hatchi kufika pansi. Mphuno ikhale kutsogolo kwa mzerewo ndi mpata wa chikhatho. Ikalowa kumbuyo kwake, kuloza kuchifuwa, mwafupikitsa kwambiri kapena hatchi ikubisala kuthawa bit, ndipo mankhwala ake ndi kutalikitsa malamba n'kuiyendetsa mwamphamvu. Agwiritseni ntchito pa trot, mphindi 5 mbali iliyonse poyamba. Poyenda hatchi imagwedeza mutu kwambiri, ndipo malamba osasuntha amafupikitsa mayendedwe ake, choncho masulani isanayambe kuyenda kopumula. Musaikoke kupita nayo kukhola ili nawo, musailumphitse nawo, musaisiye itaima nawo m'khola kuti ati pakamwa pafewe.

Muziyang'ana kumbuyo kuposa kumutu. Kodi phazi lakumbuyo likuponda pa chidindo chimene lasiya lakutsogolo? Kodi mchira ukulendewera momasuka, ukugwedezeka ndi mayendedwe? Kodi ikufwenthera mofatsa, khutu lam'kati lili kwa inu? Zikatero zikuyenda, ngakhale mutu usanafike pomwe abwana akufuna. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo minofu ya msana imatenga miyezi kuti imangike, osati masabata.

Chachisanu ndi chiwiri: zingwe ziwiri zazitali

Amene anaphunzitsapo ng'ombe zapangolo akudziwa kuti zimayamba kukoka chipika zisanaone pulawo, munthu ali pambuyo. Ma long rein ndi chimodzimodzi: hatchi imaphunzira kutsogola yokha, kukhota ndi kuima pomvera zingwe, pamsana palibe munthu. Dutsitsani zingwe ziwiri m'mphete za roller kupita ku cavesson, ku bit mudzapita pambuyo pake. Chovuta ndi chingwe chakunja, chimene chimadutsa kuseri kwa ntchafu. Mnzanu agwire hatchi kumutu, inu muchikhudzitse pang'onopang'ono pa ntchafu ndi pamiyendo mpaka ileke kupana mchira. Imani patali pomwe theche silingafike, chakumbali pang'ono kuti izikuonani, popeza kumbuyo kwenikweni hatchi siona.

Manja akhale opepuka, chifukwa zingwe zazitali n'zolemera kale. Ikazolowera m'bwalo, tulukani nayo m'tinjira ta pafamu, ikaone mathirakitala, agalu, matope ndi mapepala ouluka. Mitengo yogoneka pansi imathandizanso kuti iziyang'ana poponda ndi kukweza msana. Yambani ndi umodzi, kenako itatu, motalikirana masentimita 80 mpaka 90 poyenda, mita 1.2 mpaka 1.4 pa trot, malinga ndi kukula kwa hatchi.

Chachisanu ndi chitatu: chishalo ndi munthu

Chishalo chikhale kuseri kwa fupa la phewa, ndipo kumbuyo chisapitirire nthiti yomaliza. Hatchi ili ndi nthiti 18 mbali iliyonse, kupitirira pamenepo palibe chochirikiza. Pakati pa chishalo ndi fupa lotukuka la pamwamba pa mapewa pazilowa zala zitatu, ndipo mukasuzumira kumbuyo muziona kuwala kudutsa mumpata wa pamwamba pa msana. Numnah yonenepa sikonza chishalo chothina, imangowonjezera kuthinako. Mangani girth, lamba wa pamimba wa chishalo, monga munachitira ndi roller, bowo ndi bowo. Izungulitseni pa lunge zopondera zitakwezedwa, kenako zitatsitsidwa kuti izolowere kugundidwa m'nthiti, koma zifupikitseni zisamamenye chigongono.

Tsiku lokwera khalani atatu: wogwira kumutu amene hatchi imamudziwa, wokweza, ndi wokwera wopepuka, wodekha, wovala chipewa cholimba. Wokwerayo ayambe ndi kudumphadumpha pambali, kenako agone chamimba pa chishalo, mapazi ali kunja kwa zopondera, akusisita mbali inayo. Ikadzidzimuka amangotsetsereka n'kutsika. Yendetsani mapazi angapo ali chigonere, mbali zonse. Zikakhazikika, mwina tsiku lomwelo mwina patapita sabata, adutsitse mwendo osakhudza chiuno, akhale chowerama, n'kumadzuka pang'onopang'ono. Chimene chimaopsa hatchi zambiri ndi kuona chinthu chachitali pamwamba pake mwadzidzidzi, kuposa kulemera kwake.

Chida chimene ndingakakamize aliyense pa gawo ili n'chotchipa kuposa zonse: lamba wa pakhosi. Lamba wakale wa chopondera amakwanira. Hatchi ikadumpha, wokwera amagwira lambayo m'malo modzichirikiza ndi zingwe za kukamwa. Masabata oyamba wokwera ndi katundu chabe, wolamula ndi amene ali pansi ndi lunge. Kenako wokwera ayambe kuphatikiza mwendo wake ndi mawu amene hatchi ikuwadziwa kale, akhote potsegula dzanja kumbali osati kukokera m'mbuyo, ndipo akangotha kuima ndi kukhota atuluke kunja motsatira hatchi yaikulu yofatsa. Mphindi 15 kapena 20, masiku 3 kapena 4 pa sabata, n'zokwana.

Nanga zingwe zina zija zili pakhoma?

Running martingale, lamba wochoka pa girth wokhala ndi mphete ziwiri zomwe zingwe zowongolera zimadutsamo, ndi yovomerezeka kwa hatchi yoponya mutu m'mwamba mpaka kufuna kugunda wokwera kumaso, bola ikhale yaitali. Mukakweza mphete zake zifike kufupi ndi fupa la pamwamba pa mapewa, kuti mutu ukakhala pamalo ake isagwire ntchito n'komwe. Musaiwale timphira totchinga pa zingwe zowongolera, kuti mphetezo zisakodwe pa bit.

Chambon ndi chingwe chochoka pa lamba wa pamimba, chodutsa kuseri kwa makutu kupita ku bit. Hatchi ikakweza mutu imamva kukanikiza, ikatsitsa n'kutambasula khosi zonse zimakhwefuka, ndiye funso lathu lija imaliyankha bwino. Ndi ya pa lunge pokha, ndipo iyambe yaitali, chifukwa mahatchi ena akamva kukanikiza kuseri kwa makutu amachita mantha n'kunyamuka. De Gogue ndi mbale wake, koma imakokeranso mphuno m'kati, ndiye imafuna diso la katswiri. Pessoa, yotchedwa ndi dzina la Nelson Pessoa, katswiri wolumphitsa mahatchi wa ku Brazil, ili ndi chingwe chodutsa kuseri kwa ntchafu cholumikizana ndi bit kudzera m'timapule. Ambiri amaikonda. Ine pa hatchi yongoyamba ndimaikayikira, chifukwa mwendo wakumbuyo ukatambasuka chingwe chimagwedeza pakamwa, phazi lililonse, ngakhale hatchi ikuchita bwino.

Ma draw rein asayandikire hatchi yaing'ono. Amachoka pa girth, kudutsa m'mphete za bit, kufika m'manja, ndipo kadutsidwe kameneka kamachulukitsa mphamvu ya dzanja, moti wokwera amamva kupepuka pamene hatchi ikumva kuwawa. Zotsatira zake ndi hatchi yoika chibwano pachifuwa, imene mukaivula zingwezo simungaiimitse. FEI inanena mu 2010 kuti kupinda khosi mokakamiza, kotchedwa rollkur, n'kosaloledwa. Dziko la Switzerland linakuletsa mwalamulo mu 2014, ndipo bungwe la zamahatchi la kumeneko linaletsa ma draw rein pa mipikisano yake kuyambira 2016.

Mwina si inu mwini hatchi, ndipo abwana anena kuti fupikitsani mabowo atatu lero. Kukangana nawo pabwalo sikuthandiza. Aonetseni chimene mukuona: kuti phazi lakumbuyo laleka kufika, kuti ikukukuta mano, kuti mchira ukukupiza, makutu agona chakumbuyo. Pemphani kuti muyese bowo limodzi kaye. Eni mahatchi ambiri amamva akaona ndi maso awo, makamaka akakumbukira mtengo wa dokotala.

Mukamaliza ntchito tsiku lililonse, fufuzani hatchi musanaibweze m'khola. Tsegulani milomo muone ngati pakona pachekeka. Pititsani dzanja kuseri kwa zigongono pomwe pamadutsa girth, mumve ngati patupa kapena ubweya wanyuka. Yang'anani thukuta la pansi pa chishalo: likhale lofanana mbali zonse, ndipo kachigamba kouma pakati pa ponyowa kakusonyeza pamene chishalo chikudinda. Tsukani bit ndi madzi, pukutani girth ndi numnah kuti thukuta louma lisasanduke msasa wopala khungu. Mukapeza chilonda, chida chimene chachititsa chipume mpaka pachire, ndipo mubwerere gawo limodzi m'mbuyo. Chishalo chiyezedwenso pakatha miyezi 3 kapena 4 iliyonse m'chaka choyambachi, chifukwa hatchi ya zaka 3 ikayamba ntchito msana wake umasintha msanga, ndipo chimene chinaikwana mu Malichi chikhoza kukhala chikuithina pofika Julayi.